Denti Limene Alamu Anakana Kuwongola

Chaka cha zisankho zoyamba za matipate, akulu anga a Zipora anatsala pang'ono kuthamangitsa amuna awo chifukwa cha sefuliya. Anthu akamva amaseka, inenso ndimaseka, koma banja linali litafika pothera ndithu. Ine ndine Felesiya, mng'ono wawo wa a Zipora. Ndimagulitsa anyezi pamsika wa Mitundu, ndipo zimene ndikunenazi ndinaziona ndi maso angawa.

Alamu angawo dzina lawo ndi a Efulemu. Anachokera ku Nathenje kudzakhala chikamwini kwathu atanyamula zinthu zinayi: bulangete, hamala ya mtengo, kathumba ka mchenga, ndi chinyali cholavula moto chimene iwo ankati bulolampu. Mayi athu ataona kathumbako anafunsa ngati ku Nathenje kunamveka mbiri yoti ku Mitundu kulibe mchenga. Alamu anayankha mwaulemu wonse, manja ali kumbuyo, kuti mchenga uliko ndithu, koma iwo sanauzolowere. Ndinaseka mpaka mayi anandithamangitsa pabwalo.

Ntchito yawo anaiphunzirira pa esiteti ina ya fodya, kumene anakhala zaka khumi ndi chimodzi akuwongola ma Landirova akale amene ankagundana ndi zitsa, ng'ombe ndi mashedi. Injini sankaidziwa ngakhale pang'ono, ndipo kuyendetsa galimoto sanaphunzire mpaka lero. Iwo ankadziwa thupi la galimoto basi. Pakapindika, mwala ukalowetsa chitsulo mkati n'kusiya chimene amakaniko amati denti, pamenepo ndi pamene alamu ankakhala munthu. Kwina konseko anali bambo wachete, wamtali ngati mlongoti, woyenda ngati wataya singano.

Ukawalola kuyamba kufotokoza, tsiku lako latha. Ankati thupi la Landirova si chitsulo wamba, koma aluminiyamu, chitsulo cha masefuliya. Sichichita dzimbiri, koma n'chosachedwa kupsa mtima. Ukachimenya kawiri katatu chimauma gwa, ukaumirira chimang'ambika. Choncho iwo ankayamba apala penti pa dentipo, n'kupakapo sopo wochapira zovala. Kenako ankayatsa bulolampu n'kumayendetsa lawi pang'onopang'ono mpaka sopoyo ade bii.

"Sopo akada ndiye kuti chitsulo chafewa, alamu," ankandiuza choncho, ngati ndawafunsa. "Mukapitirira pamenepo chimangogwa ngati phala. Aluminiyamu safiira kuti akuchenjezeni ayi. Sopo ndiye amalankhula."

Chitsulo chikazizira ankatsamiza kathumba ka mchenga kuseri, n'kuyamba kugogoda ndi hamala ya mtengo ija, kuyambira m'mbali kulowera pakati. Go, go, go, tsiku lonse. Denti loti wina akanalimenya kamodzi n'kukamwa tiyi, iwo ankalinyengerera masiku awiri. Koma akamaliza, ukapititsapo dzanja sunkamva kanthu.

Vuto linali lakuti sopoyo ankachokera m'nyumba. A Zipora anayesa kumubisa m'nkhokwe, mumtsuko wa ufa, ngakhale m'denga la chimbudzi, koma alamu anali ndi mphuno ya galu pa nkhani ya sopo. Ma Landirova a ansembe, a anthu a zanyama ndi a ogula fodya ankachoka pakhomo pathu atadya sopo wa mwezi wathunthu, pamene eni khomo ankachapa ndi phulusa. Mitundu yonse inasiya kuwatchula a Efulemu. Ankangoti a Sopo.

Luso lina limene anali nalo ndi limene linkandiopsa ine. Alamu ankawerenga madenti. Ankatsinzina, n'kusisita ndi zala, kenako n'kunena chimene chinagunda. "Ili ndi nyanga ya ng'ombe yaikazi." "Ili ndi bondo la munthu wamtali, ndipo anali ataledzera." Dalaivala wina anabwera ndi nkhani yoti wagunda chitsa ku Dzalanyama. Alamu anasisita, n'kunena kuti chitsa chimenecho chinali ndi belu ndi keliyala. Dalaivalayo anawapempha kuti atsitse mawu.

Tsono nkhani ya sefuliya ili motere. Inali yaikulu, yophikira thobwa, mphatso ya mayi athu pa ukwati wawo. Mu 1979 inapezeka ndi denti pansi pake, laling'ono ngati dzira la nkhuku. Alamu anati inagwa panjinga pochokera kumaliro. Chaka chomwecho chikuku chinatenga mwana wawo Maria, kamtsikana ka zaka ziwiri ndi theka, ndipo wina sanabwerenso. Kuyambira pamenepo a Zipora anasiya kuwaitana amuna awo kuti abambo a Maria. Ankangoti "inu," ndipo akakwiya ankati "inuyo."

Denti la pansi pa sefuliya limatukumuka mkati. Nthawi zonse a Zipora akamatakasa thobwa, mthiko unkagunda pachotupacho, ko, ko, ndipo phala linkapserera mozungulira. Anapempha amuna awo kuti awongole. Alamu anati mawa. Anapemphanso pa Khirisimasi. Alamu anati mawa. Munthu wowongola magalimoto a Lilongwe yense, ntchito yoti akanaimaliza madzi a tiyi asanawire, anati mawa zaka khumi ndi zisanu. Akuluakulu amati zengerezu adalinda kwawukwawu, koma wa m'mwambiyo akanaona alamu anga akanawavulira chipewa. Ine zinkandinyansa kwambiri, ndipo ndinkawauza pamaso kuti ndi aulesi osankha.

Kenako kunabwera matipate, ndipo kunabweranso Landirova ya a Maliko.

A Maliko anali dalaivala wopuma ntchito wa ku Nathenje, mnzawo wa alamu kuyambira ku esiteti. Landirova yawo inali yakale kuposa ufulu wa dziko lino. Inkayamba ndi kukankha, n'kuima ndi mwala. Koma m'misewu ya pakati pa Mitundu ndi Nathenje, yokumbika ndi ngolo, inali yokhayo yofika paliponse, choncho onse ofuna mipando anaifuna. A Maliko sankasankha. M'mawa ankamanga nsalu ya chipani ichi pa boneti, masana n'kumasula n'kumanga ya chipani icho. Chimkuzamawu chinali chimodzi chomwecho, ndipo nthawi zina ankaiwala kusintha kaseti.

Anthu a m'midzi sankayang'ana nsalu, ankadziwa galimoto. Amene anaiona m'mawa itanyamula adani awo ankaigenda masana itanyamula munthu wawo. Amene anaiona masana ankaidikira m'mawa. Landirova imeneyo inagendedwa ndi mbali zonse mofanana, ndipo ine ndimati demokalase inayambira pa iyo. Masiku atatu aliwonse inkafika pakhomo pathu ili madenti okhaokha ngati chitini choseweretsa ana.

Alamu sanasangalalepo chotero m'moyo wawo. Ankazungulira galimotoyo atatsinzina, akutchula: "Mwala wa kumtsinje. Njerwa yosapsa. Ili ndi papaya, ndipo anaponya ndi mayi wamanzere." Sopo ankatha ngati mchere wa pamaliro.

Anthu ataona galimoto ikupakidwa sopo n'kuwotchedwa ndi moto, kenako n'kutuluka yosalala ngati sinagendedwepo, anayamba kunong'ona kuti a Sopo akuikhwimitsa. Tsiku lina mkulu wina wofuna uphungu, wamimba yake, anatsika m'Landirovamo ali ndi chotupa pamphumi, mwala utamupeza kudzera pawindo. Anawakokera alamu kuseri kwa khola n'kuwapempha kuti amupake sopo nayenso. Alamu sanaseke. Anatsinzina, anasisita mphumi ya mkuluyo, n'kunena kuti ili si denti koma chotupa, ndipo chotupa amachigogoda kuchokera panja. Atangotembenuka kukatenga hamala, mkuluyo anali atafika kale kumsewu.

Zonsezi a Zipora ankaziona ali chete, ndipo akulu anga akakhala chete nkhuku zimasamuka. Kutatsala masabata awiri kuti tivote, anapinda bulangete la alamu bwinobwino, lomwe lija anabwera nalo kuchokera ku Nathenje, n'kuliika pampando pafupi ndi khomo. Kwathu kuno mkamwini akaona bulangete lake pamenepo safunsa tanthauzo. Nyumba ndi ya mkazi, munda ndi wa mkazi, ndipo mwamuna wopanda ana pamudzi alibe chomugwira mwendo.

"Inuyo," anatero a Zipora, ine ndili pomwepo. "Dziko lonse likuti tisinthe. Inenso ndikufuna kusintha. Tsiku lovota likafika sefuliya yanga isanawongoledwe, ndikakavota kusukulu ndibwera kudzavotanso pano. Ankhoswe ndawauza kale."

Alamu anayang'ana bulangete, anayang'ana sefuliya imene inali pathandala. Ndinkapemphera mumtima kuti anene mawu ena aliwonse.

"Mawa," anatero.

Ndinawatsatira kuseri n'kuwalalatira mpaka mawu anandithera. Ndinawafunsa ngati ku Nathenje kuli munthu amene akuwadikira ndi nyumba, poti makolo awo anamwalira kale ndipo alongo awo anagawana malo. Ndinawauza kuti a Maliko sadzawafunditsa boneti. Iwo anangoti, "Ndamva, alamu," n'kumapitiriza kusefa mchenga wawo. Ndinawakwiyira, komanso ndinawamvera chisoni, chifukwa munthuyu sanatukwanepo mkazi wake ngakhale kamodzi.

Masiku anapita, bulangete lili pampando. Madzulo alamu ankalitenga kukafunda, m'mawa a Zipora ankalipinda n'kulibwezera pomwepo.

Loweruka lomaliza, kutatsala masiku atatu, a Maliko anafika m'mawa ndi Landirova, chitseko cha kumanzere chitaphwanyidwa ndi miyala. Anali ndi msonkhano ku Nathenje masana omwewo. M'nyumba munali sopo mmodzi yekha, amene a Zipora anamukulunga m'yunifolomu yawo ya kumpingo poganiza kuti kumeneko mwamuna woopa Mulungu sangapiseko dzanja. Alamu anapisako. Anapala chitseko chonse, anapaka, anawotcha mpaka sopo anada, ndipo podikira kuti chizizire anapita kuseri kwa nyumba kukasema mpini wa hamala umene unali utagwedera.

Nthawi yomweyo a Zipora anatulukira kuchokera kudambo atasenza sefuliya ija, yodzaza mchenga wonyowa wotsukira ziwiya. Anaona chitseko chakuda. Anaona kapepala kokulunga sopo kali pansi, pafupi ndi tayala. Anatula sefuliya pamutu, anaigwira m'milomo ndi manja awiri, anabwerera m'mbuyo mapazi atatu, n'kuthamanga nayo.

Phwaa!

Landirova yonse inagwedezeka, mwala woimitsira unachoka, ndipo a Maliko anathamangira kukaubwezera. Chitseko chinali chofewa ndi moto, choncho chinalandira sefuliya yonse ngati dongo. Sefuliyayo inang'ambika pansi, mchenga n'kukhuthukira pamapazi a mwini wake. A Zipora anaitola n'kulowa nayo kukhitchini, akupuma ngati ng'ombe yapangolo.

Alamu atabwera anapeza ine ndi a Maliko tikuyang'ana kumwamba.

"Anyamata," anatero a Maliko. "Adutsa pompano. Mwala waukulu."

Alamu anagwada pachitsekopo n'kutsinzina. Zala zinayenda m'mphepete mwa denti, lozungulira bwino ngati mwezi.

"Si mwala," anatero. "Sefuliya. Yodzaza mchenga wonyowa, n'chifukwa chake yadinda bwino chonchi. Mchenga wagwira kuseri. Woponyayo ndi wamfupi, ndipo sanadye m'mawa."

Zala zinapitirira kulowera pakati, monga mwa chizolowezi chawo. Pakatipo panali kachotupa kakang'ono ngati dzira la nkhuku, chifukwa denti la pansi pa sefuliya linali litadindika pachitsekopo motembenuka. Chala chawo chitafika pamenepo chinaima. Anatsegula maso. Kenako bambo wamtali uja anangokhala pansi pa fumbi, miyendo ali tambalale ngati mwana.

"Sefuliyayo ili kuti?" anafunsa.

A Zipora anatuluka nayo, chitenje atamanga cholimba, okonzeka kumenyana ndi aliyense. Anaiponya patsogolo pawo. Mng'alu unali utadutsa pakati penipeni pa denti lakale lija, ndipo panalibenso choti munthu n'kuzindikira. Alamu anaitembenuza kawiri, anaiika pansi mosamala, n'kubwereranso kuchitseko.

"Achimwene, nthawi," anatero a Maliko. "Gogodani msanga, anthu akundidikira."

"Ili sindiwongola."

Tonse tinayang'anana. M'zaka zonsezi alamu anali asanakanepo denti. Anawongolapo ngakhale mbale ya galu wa ansembe.

"Mwaona?" anakuwa a Zipora. "Felesiya, waona? Chilichonse chimene chakhudza sefuliya yanga sachifuna! Ndinkati mwina ikadzera pagalimoto aigwira. Tengani bulangete lanu lero lomwe, Lachiwiri ndi kutali!"

Alamu anatambasula dzanja n'kugwira dzanja la akazi awo, masana dzuwa likuswa mtengo, pamaso pa mlendo, zimene sindinaziwonepo chikwatiranire. A Zipora anadabwa mpaka anaiwala kukana. Alamu anawakokera pansi, anatenga chala chawo chachikulu n'kuchiika pa kachotupa kaja.

"Tsinzinani," anatero. "Yambani m'mbali. Mukumva apa pozungulira? Apa pakupyapyala? N'chidendene. Phazi lamanja."

"Chidendene cha ndani? Munati inagwa panjinga."

"Sinagwe. Munali kumunda. Sefuliya inali yovundikira pansi pa windo, ine ndikugogoda panja. Maria anakwerapo kuti andione. Anadumphadumpha, ikulira ngati ng'oma, iye akuseka. Ndinaopa kuti mukabwera mumukwapula, ndiye ndinati yagwa panjinga. Patangotha masabata awiri tinakamuika."

A Maliko anavula chipewa. A Zipora anali atatsinzinabe, chala chikuzungulira pang'onopang'ono pachitsulo chodetsedwa ndi sopo wawo yemwe. Chithunzi cha mwanayo tinalibe, nthawi imeneyo wojambula ankafika ku Mitundu kamodzi pachaka. Tinsalu take tinapita naye kumanda. Zaka khumi ndi zisanu mayiyu ankagunda chidendene cha mwana wake ndi mthiko, akutukwana.

"Nanga bwanji simunandiuze?" anafunsa, mawu atatsika.

Alamu anayang'ana pansi.

"Ndinkati mawa."

Ine ndinalira, sindibisa. Ndinaliranso ndi mkwiyo, chifukwa munthu wodziwa kufotokoza za aluminiyamu kuyambira m'mawa mpaka nkhuku kulowa analephera kunena mawu asanu kwa mkazi wake. Ndipo ineyo ndi amene ndinkawatcha aulesi.

A Maliko anatsokomola n'kukumbutsa mwaulemu kuti chisoni achimva, koma chitsekocho n'chawo. Alamu anadzuka, anatenga sipanala m'galimoto momwemo, n'kumasula chitseko chonse. Analonjeza kuti apanga china. A Maliko anayang'ana nkhope ya a Zipora ndipo anaona kuti kutsutsa kungawabweretsere sefuliya ina. Masana amenewo wofuna uphungu anafika ku Nathenje atamangidwa pampando ndi chingwe cha ng'ombe kuti asagwe m'makona. Akuti anthu anamuombera m'manja kwambiri poganiza kuti wamangidwa ndi boma, ndipo tsiku limenelo palibe anagenda.

Chitseko chatsopano alamu anachipangadi patapita mwezi, pogogoda masefuliya akale asanu ndi awiri amene amayi a pamudzi anasonkha. Mpaka lero Landirovayo ikatenthedwa ndi dzuwa imanunkhira nyemba.

Koma ine Loweruka lija ndinapita kwathu mtima uli m'mwamba, chifukwa akulu anga sananene kuti akhululuka. Chitseko anachilowetsa m'nyumba n'kuchitsamiza kukhoma. Lamulungu sanalankhule. Lolemba sanalankhule. Bulangete linkabwererabe pampando m'mawa uliwonse. Ndinkaopa kuti bodza la njinga lawapweteka kuposa mawa onse aja, ndipo sefuliya, kunena zoona, inali isanawongoledwe ndipo sikanathekanso.

Lachiwiri tinapita kukavota tonse atatu. Tinaima pamzere kusukulu kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, a Zipora kutsogolo, alamu kumbuyo, ine pakati ngati mpanda. Pobwerera alamu anafika n'kuima pakhomo osalowa, manja ali kumbuyo monga tsiku limene anabwera. Hamala, bulolampu ndi kathumba ka mchenga anali atazimanga kale pamodzi pakhonde.

A Zipora analowa, anagwada pachitseko chija, n'kuika chala chawo cha inki yovotera pa kachidendene. Anakhala choncho nthawi ndithu. Atachotsa, panatsala kadontho kofiirira. Kenako anadzuka, anapita pampando n'kunyamula bulangete. Alamu anatambasula manja awiri kuti alandire.

Akulu anga anawadutsa ngati sakuwaona. Anafunyulula bulangetelo, anafunditsa chitseko chonse, n'kupisa m'mbali bwinobwino monga amachitira ndi mwana wogona.

"Nkhuku zingakwerepo," anatero. "Abambo a Maria, mwaimiranji pakhomo ngati mlendo? Lowetsani katundu wanuyo, ndipo mchengawo musautayire m'nyumba mwanga."

Munthu sangachoke pachikamwini wopanda bulangete lake, ndipo limenelo silinachokenso pachitsekopo. Alamu anagona ndi chitenje chimodzi mphepo yonse ya Juni ndi Julaye, ndipo sindinawamvepo akudandaula.